Dzungu la Madigiri 270

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ku Bolero kunalibe wondiposa pakamwa. Amayi ankatuma ine kumsika chifukwa ogulitsa ankatsitsa mtengo kuti ndingowachokera. Matipate anali atangobwera kumene, ndiye ndinkati ufulu wolankhula anabweretsera ine.

A Gondwe, aphunzitsi athu a masamu mu Fomu 2, analinso mkulu wa mpingo, ndipo masamuwo ankawaphunzitsa ngati Malamulo Khumi. Tsiku lina analemba pabolodi kuti makona atatu a thirayango iliyonse ukawaphatikiza amakwana madigiri 180. "Iliyonse," anatero. "Kuno, ku Mzuzu, ngakhale kumwamba."

Mawu oti iliyonse anandiyabwa. Kumsika ndinali nditaphunzira kuti palibe mtengo womaliza.

Loweruka ndinatenga dzungu la amayi ndi msomali. Ndinakanda mzere kuchokera pamwamba kutsika mpaka pamimba pake, wina chopingasa, wachitatu kukweranso pomwe ndinayambira. Kona iliyonse inafanana ndi kona ya buku. Madigiri 90 katatu, 270.

Lolemba ndinalisenza mpaka m'kalasi. A Gondwe anayeza makona onse ndi buku lawo. Kenaka anati, "Yewo chomene, pulofesa. Wakanda chakudya, wanyozanso silabasi. Kazule chitsa chili kuseri kwa ofesi."

Ndinakumba masiku atatu padzuwa, manja ali matuza okhaokha. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si matuzawo. Sabata yotsatira ndinadutsa pawindo la Fomu 4 n'kuona dzungu langa lija lili m'manja mwa a Gondwe. Ankafotokoza kuti 180 imagwira pamalo athyathyathya pokha, kuti akatswiri anazindikira kalekale kuti pamalo okhota thirayango imasintha, ndipo dziko lomwe tikupondali ndi lokhota. Dzina langa sanalitchule n'komwe.

Ndinawadikira panja kuti mwina andipepese. "Unalondola," anatero, "koma pamayeso ukalembe 180. Wochonga alibe dzungu."

Ine kumva? Pamayeso a JC funso la thirayango linabweradi. Ndinalemba tsamba lonse kutsutsana ndi wofunsayo, nthawi n'kutha mafunso ena ndisanawakhudze. Masamu ndinalephera.

Lero ndimagulitsa kaunjika pa Rumphi boma, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ungalondole, koma pepala la mayeso silinenerera. A Gondwe anapuma pantchito akutchuka kuti ankaphunzitsa zozama, dzungu lija anakadya ndi banja lawo. Tandiuzani inuyo, pa mkangano umenewu anapambana ndani?