Dzanja Lamanzere Kumbuyo

Ndinafika ku Rustenburg ufulu wa ku Joni udakali wauwisi, ndipo ndinapeza ntchito m'kashopu kokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi pokwerera matakisi a ku Phokeng. Loweruka m'mawa ndinkaphunzitsa zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja. Sindinali mphunzitsi wolembedwa. Mkulu wa gawo lathu, mzungu wachibunu wosachedwa ndi mawu, anandipatsa kalasi ya anthu apantchito amene sankapeza mpata mkati mwa sabata. Yanga inali ntchito ya pabenchi: kuwotcherera mawaya, kuwerenga mita yoyezera magetsi, kufufuza pamene magetsi athera.

Ambiri m'kalasimo anali anyamata a Chitswana, aphokoso ndi anthabwala. Pa benchi yakumapeto pankakhala bambo wina wa imvi, wovala ovolosi yochapa bwino. Anyamatawo ankangowati madala.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga, makolo atamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakula ndili wosalankhulalankhula, womangoyang'ana zimene manja a anthu akuchita. N'chifukwa chake ndinawazindikira bambowa asanatsegule pakamwa. Tsiku loyamba ndikuwapatsa mita, anaimirira n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza mkono, mawondo atapinda pang'ono.

"Kumudzi n'kuti, bambo?" ndinafunsa m'Chichewa, motsitsa mawu.

Anandiyang'ana nthawi ndithu. "Ku Angonia, ku Tete. Kani aphunzitsi ndinu akwathu?"

Tikupuma anandiuza chimene chinawabweretsa. Anali atatha zaka zambiri pansi pa mgodi, akunyamulira bokosi la zida amisiri a magetsi ndi kuwakokera mawaya. Tsopano mgodi unkachepetsa anthu, ndipo oyamba kupita anali opanda pepala la ntchito. Kapitawo wawo anawauza kuti akakhoza mayeso a pabenchi chaka chimenecho adzatsala, mwinanso kukwezedwa kuti azigwirira kumtunda. Akalephera, basi. Kumudzi kunali mkazi ndi ana amene ankadya za mgodiwo.

Ntchito ankaidziwa. Vuto linali lamulo loyamba la pabenchi. Ukamagwira chinthu choti muli magetsi, umagwiritsa dzanja limodzi, linalo umapisa m'thumba. Magetsi akalowera dzanja ili n'kutulukira linalo, njira yake ndi pachifuwa, ndipo mtima ukhoza kuima. Kumgodi bambowa sankaloledwa kukhudza waya wamoyo, choncho lamuloli linali lachilendo kwa iwo. Anyamata analikonda kwambiri, ankaima ngati mabwana, dzanja m'thumba, akuimba mluzu. Bambowa ankapisa, koma ndikangoyandikira benchi yawo dzanja linkatuluka lokha.

"Madala, m'thumbamo muli chinkhanira?" anatero mnyamata wina, ena n'kufa nacho chiseko.

"Mwana iwe," anayankha bambowa m'Chifanakalo, chilankhulo chawo cha kumgodi, "ine ndinayamba kuvala buluku wamatumba bambo ako asanakufunsirire amako."

Kwa ine anati, "Aphunzitsi, musandione ngati wamakani. Kupisa m'thumba wamkulu ataima pamaso panga, thupi likukana."

"Wamkulu ndani, bambo? Ine ndine wa msinkhu wa mwana wanu."

"Muno ndinu aphunzitsi."

Ndinawamvetsa. Agogo anga anandisokerapo matumba a kabudula wa sukulu n'kuwatseka chifukwa cha mlandu womwewu. Ndinawauza kuti m'malo mopisa m'thumba azipititsa dzanja kumbuyo n'kugwira lamba. Zimenezo anazilandira ndi mtima wonse, poti munthu woika dzanja kumbuyo amaoneka waulemu. Masabata angapo zinthu zinayenda, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti akhoza.

Kenako ndinaona china. Dzanja linkakhala kumbuyo mpaka wina atawapatsira chida. Ndikawatambasulira sikuludiraiva, lamanzere linkasiya lamba kudzathandiza kulandira, ndipo likatero silinkabwereranso. Linkatera pamene pali pafupi, nthawi zambiri pa chitsulo cha chimene akukonzacho. Tinayeserera TV itazimitsidwa. Ndinkawapatsira chida, iwo n'kulandira ndi manja awiri, ine n'kuchitenganso.

"Tsompholani, bambo. Ngati khwangwala."

Ankaseka, n'kutsomphola ndi dzanja limodzi, thukuta lili kamukamu pamphumi ngati achita chinthu chamanyazi. Akamalandira kwa anyamata zinkatheka mosavuta. Kwa ine zinkatheka akakumbukira. Akaika mtima pa waya, thupi linkabwerera ku zimene linaphunzira ali mwana.

Ndinayamba kumawaikira zida pabenchi kuti azitola okha. Mayeso atayandikira ndinapita kwa mkulu wa gawo uja kukapempha kuti woyesa achitenso chimodzimodzi. Anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kupukusa mutu. Anati woyesa amachokera kunja kwa koleji ndipo sauzidwa zochita, komanso kumgodi palibe amene azidzawayalira zida patebulo. Sananame.

Tsiku la mayeso ife aphunzitsi sitinkaloledwa kulowa. Ndinaima pakhonde n'kumasuzumira pawindo. Woyesayo anali mzungu wachikulire wa magalasi, waulemu wake ndithu. Bambowa anapatsidwa TV yotsegula kumbuyo, yoyaka, kuti apeze chavuta. Dzanja linali pa lamba. Ndinawaona akuyeza apa ndi apo mosathamanga, ndipo ndinadziwa kuti atsala pang'ono kupeza. Kenako waya wa mita unagwa pansi. Woyesa uja anawerama, n'kuutola, n'kuwapatsira.

Analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda. Ndinamenya galasi la windo ndi chikhatho, koma mkati simunamveke. Dzanja lamanzere linatsamira pa chitsulo cha TV, lamanja n'kulowa mkati. Kunamveka kuti thwa! Bambowa anadzandira chambuyo n'kugwera pa mpando, woyesa n'kuthamangira kukazimitsa magetsi.

Sanafe. Chala chinapsa, mkono unachita dzanzi mpaka madzulo. Koma wophwanya lamulo la chitetezo mayeso ake amathera pomwepo, ndipo mwayi wina unali chaka chotsatira.

Ndinawaperekeza kokwerera takisi. Anyamata aja, amene Loweruka lililonse ankawaseka, anatitsatira chapatali.

"Vuto ndinali nditaliona, aphunzitsi," anatero bambowa. "Kanali kawaya kakang'ono kumanzere."

"Ndinaona kuti mwaliona."

"Nanga munthu wamkulu ngati uja, mpaka kuwerama kunditolera chinthu pansi. Ndikanalandira bwanji?"

Mgodi sunadikire chaka chotsatira. Anawachotsa pamodzi ndi anzawo ambiri, ndipo bedi lawo la ku hositelo ya mgodi linapita ndi ntchitoyo. Kumudzi sanapite. Ndinamva kwa mmodzi wa anyamata aja kuti ali ku Freedom Park, dera la zisakasa pafupi ndi migodi, ndipo Lamlungu lina ndinakawafuna. Ndinawapeza m'kanyumba ka malata, kunja kuli mawaya opyapyala oyenda pansi m'fumbi, ena opachikidwa pa timitengo, kuchokera ku pholo la magetsi la kutsidya kwa msewu. Sindinafunse amene anawakoka. Zolumikiza zake zinali zaudongo, zokulungidwa tepi mmene ndinkaphunzitsira ine.

"Bambo, izi zimapha. Pa pholo si pa TV."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma anthu akufuna kuwala, ine ndikufuna kudya. Ndipite kumudzi ndi chala chopsa chokhachi? Azikati mtchona wabwera ndi chiyani?"

Ndinawauza kuti kushopu kuli mawailesi ambiri ofuna kukonza, ndizibwera nawo, ndipo chaka chamawa alembetsenso mayeso. Anavomera zonse mwaulemu, monga ankavomerera chilichonse chimene ndanena. Ndinapitako ndi mawailesi kangapo. Ankawakonza bwino, koma mawaya panja paja ankangochuluka, ndipo kalasi yatsopano itayamba, pa benchi yakumapeto panakhala munthu wina.

Mvula itagwa ndinapitanso. M'kanyumba muja munali banja lina, anthu a ku Mozambique komweko koma olankhula Chishangani. Mayi wa pakhomopo anati madala anasamuka. Wina woyandikana nawo anati anapita ku migodi ya kum'mawa kukafuna ntchito ya kontirakiti. Wina anati anadwala, abale anadzawatenga. Ndinafunsa ngati kunachitika ngozi ya magetsi m'deralo. Anayang'anizana, n'kunena kuti ngozi zimachitika, koma za madalawo sakudziwa.

Ndinabwerera ku tauni ndi mawailesi awiri amene ndinapita nawo, ndipo ndinakawakonza ndekha.