Mtedza wa mumtengo

Ndikukumbukira tsiku lomwe mabuku a zithunzi anafika pasukulu yathu, kuseri kwa Nsaru. Ndinali sitandade 2. Anabwera m'katoni imodzi panjinga ya ahedi, ife tikuiperekeza kuchokera kumsewu ngati mkwatibwi.

Buku la kalasi yathu linali limodzi. Pachikuto panali mtsikana wakuda ngati ine, wometa, wopanda nsapato, atabereka mng'ono wake. Ndinali ndisanaonepo munthu wofanana nane papepala, ndiye mtima wanga unangothera pomwepo. Aphunzitsi athu, a Mbewe, ankatilola kuligwira Lachisanu lokha, titayamba tasamba m'manja pamjigo. Fungo la mapepala akewo ndimalimvabe.

Zamanyazi zinali patsamba lachinayi. Mtsikana uja anali atakwera mumtengo, akuthyola mtedza. Mtedza, anthuni, uli lendelende m'nthambi ngati mango. Wojambulayo sindikudziwa anakulira kuti, koma khasu sanaligwirepo. Anangomva kuti kuno kuli ana ndi mtedza, basi n'kutenga utoto.

Makolo anga anali matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo amayi anali ndi kamunda ka mtedza kumapeto kwa mizere. Lachisanu lomwe tinafika patsamba limenelo, ndinakweza mkono.

"Aphunzitsi, bukuli lanama. Mtedza timachita kukumba."

A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi iwe mwana wa tenanti, ungapose anthu olemba mabuku? Suligwiranso mpaka udzanene pamaso pa anzako kuti buku silinama."

Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti a Mbewe omwewo anali ndi munda wa mtedza kuseri kwa nyumba yawo. Ukachedwa kusukulu, chilango chake chinali kukawapalira kumeneko. Ankadziwa bwinobwino komwe mtedza umakhala. Koma bambo aja chinthu chikangokhala chosindikizidwa ankachivulira chipewa, ngakhale chikhale chopusa chotani.

Lolemba m'mawa ndinazula phata limodzi m'munda mwa amayi, ndi dothi lake lomwe, n'kukaliika patebulo pawo. A Mbewe anathothola mtedza uja, n'kuyamba kuswa, akutafuna mosapupuluma.

"Uwu ndi wa kuno," anatero. "Wa m'buku ndi wina."

Makoko anandipatsa ine kuti ndikataye.

Masabata atatu ndinakhala kumbuyo, nditasamba m'manja, manjawo ali pamiyendo, ndikuona anzanga akulandirana buku. Onsewo anali ana a alimi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woyankhulapo. Ine ndinkafunitsitsa kudziwa kuti mtsikana uja zinamuthera bwanji. Ndikafunsa anzanga ankangoti, "Iwe si uja umadziwa zonse, eti?"

Lachisanu lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinaimirira, n'kunena mokweza kuti, "Buku silinama. Mtedza umabereka mumtengo." A Mbewe anauza kalasi kuti indiombere m'manja, ndipo inaombadi.

Ndinalitsegula mpaka kumapeto. Mtsikana uja anatsika mumtengo, n'kupita kwawo. Nkhani yonse inali yomweyo. Ndinanamira zimenezo, ine mwana wa mayi wokhala ndi zikhadabo zodzaza dothi. Kunyumba sindinanene, ndipo madzulo amenewo mtedza wowiritsa ndinaukana.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wanga wamkazi amabwera ndi mabuku ojambulidwa ndi anthu odziwa mmene chitenje chimamangidwira ndi mmene nkhokwe imaimira. Ndimayamika. Komabe buku lililonse ndimayamba ndine kuliona, tsamba ndi tsamba, ndisanamupatse.

Tsiku lina anatopa nazo, n'kundifunsa kuti, "Kodi amayi, mumafunamo chiyani?"

"Mtedza," ndinatero.

Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza. Ndinamutengera kumunda kuti akazule yekha phata limodzi. Sindinamuuze kuti amayi ake, ali msinkhu ngati wakewo, anaima pamaso pa kalasi yonse n'kuukweza mtedzawo mumtengo.