Tepi ya Adadi Imene Ndinakapereka kwa Abusa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaganiza zopulumutsa mzimu wa bambo anga, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimagwidwa ndi manyazi.

Tinkakhala m'fulati yapamwamba ku Edmonton, kuno kudziko la azungu. Amami anali namwino pachipatala, adadi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Loweruka masana akaweruka, adadi ankaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda n'kulowetsa tepi yawo m'vidiyo. Inali imodzi yokhayo, yakale, ndipo sankalola munthu kuigwira. Munali filimu yofotokoza mbiri ya gulu lina la azungu oimba roko, anyamata oonda atsitsi lofika m'mapewa. Pena ankawaonetsa akucheza m'basi, pena ali pasiteji, utsi uli tolotolo, chinamtindi cha anthu chikukuwa. Gitala ikayamba kulira adadi ankatsinzina, zala zikuyenda pabondo, mpaka madzi m'beseni kuzizira iwo osadziwa.

Ine zinkandinyansa zedi. Ndinali kamtsikana kolowa m'kwaya, kodziwa zonse.

Tsiku lina kutchalitchi kwathu ku Tottenham abusa analengeza mapemphero omasula mabanja. "Chilichonse chamdima chimene chili m'nyumba mwanu, bwerani nacho!" Ine maganizo anathamangira ku tsitsi lija ndi utsi uja. Ndinati basi, n'zimenezi zikuwaletsa adadi kubwera kutchalitchi. Zoti Lamlungu lililonse ankakhala pa shifiti sindinaziganizire n'komwe.

Lamlungu lotsatira amami nawonso anali kuntchito, ndiye ndinapita ndi aneba, tepi ili m'chikwama pamodzi ndi Baibulo. Anthu akuluakulu anabweretsa zithumwa ndi mankhwala ochokera kumudzi, ine ndinaponya tepi pamulu womwewo. Bambo wina anaiphwanya ndi hamala, riboni yakuda n'kumwazika pakapeti. Azimayi analulutira, abusa anandisanjika dzanja pamutu. Abale inu, mmene ndinadzimvera tsiku limenelo!

Loweruka linafika. Adadi anathira madzi m'beseni, anafufuza pashelefu, anagwada kusuzumira pansi pa sofa.

"Thoko, tepi yanga waionako?"

Ndinawayankha m'Chingerezi monga tinkachitira ana a kuno, mutu uli m'mwamba, kuti ndinakaipereka kwa abusa ndipo anaiphwanya. Ndinkayembekeza lamba, ndipo ndinali wokonzeka kuvutika chifukwa cha chikhulupiriro. Koma iwo anangokhala pansi pomwepo, pakapeti.

"Unaionerapo mpaka kumapeto?"

"Ayi."

"Nanga unandifunsapo kuti ndinaitenga kuti?"

Ndinapukusa mutu.

Anayamba kundifotokozera motsitsa mawu, m'Chichewa chokhachokha. Ali mnyamata ku Limbe ankaimba gitala m'kagulu ka anyamata anayi, ndipo woimba ng'oma anali mnzawo wapamtima dzina lake Yona. Masiku amenewo lamulo silinkalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, moti tsiku lina apolisi anawameta onse awiri ndi sizasi m'mbali mwa msewu, anthu akuseka. Kagulu kaja kanatha, aliyense anakwatira, koma Yona sanasiye kulota. Atapeza filimuyo kwa mnzake wochokera ku Joni, ankaionera limodzi ndi adadi kambirimbiri. Tsiku limene adadi ankanyamuka kubwera kuno, Yona anawapatsa tepiyo pabwalo la ndege, atalemba papepala lake kuti akawapeze anyamata a m'filimuwo ndi kuwauza kuti ku Limbe kuli anzawo. Sipanathe zaka ziwiri, Yona anamwalira, ndipo adadi sanathe kupita kumaliro.

"Filimuyo ndikhoza kuipeza ina m'mashopu," anatero. "Koma dzanja la Yona papepala paja, mwana wanga, ndikalipeza kuti?"

Ndinalira kwambiri. Iwo sanandikalipire, sanakandineneze kwa amami, komanso sanagule filimu ina. Loweruka masana m'nyumba munkangoti zii, kumangomveka mabasi panja, ndipo ndikanakonda akanangondikwapula.

Adadi anabwerera kumudzi atapuma ntchito. Filimu ija masiku ano ili pa intaneti, ndipo ndinaionera mpaka kumapeto. Mdima sindinaupezemo. Ndinangoona anyamata okonda nyimbo, otopa ndi maulendo, osowa kwawo.

Lero nanenso ndimasamalira okalamba ku Enfield. Tikamakonza m'chipinda cha wina, anzanga amafulumira kutaya zimene amati zinyalala: tikiti yakale, chipewa chong'ambika, kaseti yopanda wailesi yoimbira. Amandinena kuti ndimachedwetsa ntchito, chifukwa ine sinditaya kanthu ndisanakhale pansi ndi mwini wake n'kumufunsa kuti, "Kodi ichi anakupatsani ndani?"