Munati anayi, osakhudza

Achemwali Asiyatu, lero ndakukumbukirani chifukwa cha chitsiru china. Ku situdiyo yathu ya zithunzi ku Ndirande kuno, abwana abweretsa mphwawo wa tayi ndi digiri kuti adzakonze pulogalamu imene munalemba yochepetsera zithunzi za maukwati. Wapeza mzere wanu uja wakuti "ma thread anayi, osakhudza", kutanthauza ntchito zinayi zokha pa nthawi imodzi, waseka, waufufuta n'kuikapo 64. Akuti akazi amaopa liwiro. Kompyuta yathu ya ma core anayi, tiubongo take togwirira ntchito, yalira ngati minibasi yodzaza pachitunda, kenako yangouma gwa. Mkwatibwi ali pabenchi ndi apongozi ake kudikira zithunzi, mkulu wa digiri thukuta kamukamu, akunamizira magetsi.

Ine maganizo anali pa tsiku lija ndinakufunsani chifukwa chake anayi okha. Munandikokera pakhomo n'kundilozera malo ometera a kutsidya kwa msewu. Munati, "Mashini ometera pamenepo ndi anayi. Ukalemba ometa makumi asanu, azingolandana mashiniwo, palibe mutu umene uthe. Core ndi mashini, thread ndi wometa. Uziwonjezera ometa pokhapokha ena akamangokhala kudikira, monga podikira netiweki." Munanena zimenezi mukukukuta chimanga chootcha, osatsegula buku lililonse.

Mkuluyo atatuluka kukaimba foni, ndabwezera pa anayi, zithunzi zonse zatuluka. Pobwera wauza abwana kuti ndi iye amene wakonza. Mzere uja ndaulembanso, ndipo pano ndaikapo dzina lanu. Zaka ziwiri muli m'manda, achemwali, koma mukumuposabe.