Maziro Asanu ndi Awiri a aMawotchi

Inali sikisi koloko m'mawa, ndili pampopi kutsukuluza malaya awo, mwana ali kumsana, pamene aMawotchi anandiitana pawindo.

"Mayi a mwana, tabwerani. Yasweka."

Ndinathamanga thovu lili m'manja, poganiza kuti agwa. Ndinawapeza ali phee patebulo, kope lili chitsegulire.

Bambowa anakonza mawotchi zaka makumi atatu pakhonde la sitolo, mpaka maso atayamba kuchita chifunga. Ine ndimawachapira kawiri pa sabata. Atasiya ntchito manja anakana kukhala. Mdzukulu wawo anawaonetsa nambala pafoni, 100000007, nati imeneyi siigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula wani ndi iyo yomwe. Iwo anati foni yangonena, siinawaonetse. Ndiye anagula makope, nayamba kuigawa ndi nambala zinzake zosagawika, 2, 3, 5, 7, 11, kumapita m'tsogolo, tsamba limodzi pa tsiku. Pakatsala kanthu pansi pa samu, ndiye kuti nambala yawo yapirira, tiyi amakoma. Amati akadzafika pa 10000 adzapuma, chifukwa kupitirira apo wogawa watsopano sangapezeke.

Tsikulo anali pa 941, ndipo sipanatsale kanthu. Ndiko kusweka ankanenako.

"Miyezi isanu ndikulera mwana wa eni," anatero, akupukuta magalasi. "Ndabwereza katatu. Yalowa ndendende."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma kuwerenga zinthu ndimatha, masokosi a anthu sindisokoneza. Ndinapukuta manja pachitenje, n'kuyendetsa chala pamwamba pa tsambalo. Kenako ndinatsegula tsamba loyamba.

"Agogo, maziro aja ndi angati?"

"Asanu ndi awiri. Ufuna undiphunzitse mwana wanga yemwe?"

"Patsamba la leroli alipo asanu ndi limodzi. Mwagawa nambala ina."

Anatenga kagalasi kawo kokonzera mawotchi, n'kukaika padiso, n'kuwerenga ndi nsonga ya pensulo. Anaseka mpaka kutsokomola, mwana wanga n'kudzidzimuka.

"Ndiye ndalira maliro a mlendo!"

Koma kuseka kunatha titayamba kubwerera m'mbuyo. Ziro uja anasowa kalekale. Masamba makumi anayi ndi atatu anali a nambala yolakwika, ndipo onsewo ngofunika kuyambiranso. Kutsogolo kwatsala masamba opitirira chikwi, zaka zitatu ngati sadwala. Anayamba kusisita m'mphepete mwa tebulo momwe munadyeka ndi zigongono zawo.

"Mutuwu udakali bwino," anatero pamapeto pake. "Akundinamiza ndi masowa. Timaziroti tikumathamangitsana ngati nyerere."

Ndinati ndikamalize kuyanika dzuwa lisanakwere. Anandigwira dzanja, n'kundipatira cholembera chakuda, chija cholembera pamakatoni.

"Mwana wanga, ukamapita kumpopi m'mawa uzidzera pano, ngakhale tsiku losachapa. Uzindilembera nambalayi pamwamba pa tsamba, zikuluzikulu, uziwerenga maziro mokweza ndizimva. Kugawako ndisiyire ine."