Tsiku Limene Apongozi Anabzala Mango pa Puloti ya Eni

Ine ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali m'sitolo ya munthu wina m'tauni ya Kitwe. Mzinda ukamakula, ine ndimayamba kumva ndi msana. Chaka chimene ndikunenachi simenti sinkagona m'sitolo. Lole ikatsitsa m'mawa, pofika masana pansi pankatsala fumbi lokha. Kulikonse anthu ankamanga: masitolo agalasi m'mbali mwa msewu wa ku Ndola, malo omwetsera mafuta, mipanda, matchalitchi. Ngakhale ku Nkana East, kumene kale kunali maluwa ndi kapinga, eni nyumba ankazula maluwawo n'kumanga mafulati kuseri. Kasitomala aliyense ankalowa ndi pensulo kukhutu.

Matendawa anandigwira nanenso. Ine ndi mkazi wanga tinali pa lendi ku Ipusukilo chikwatiranireni, zipinda ziwiri, ana atatu. Kenaka tinapeza puloti kunja kwa tauni, kumene kunali tchire lokhalokha. Tsiku lotilozera malire tinapita tonse awiri. Udzu unali wofika m'khosi, msewu kunalibe, nambala kunalibe. Chimene tinasunga m'mutu chinali chulu. Chulu cha ku Copperbelt si chija chakumudzi cholekeza m'chiuno. Chimatalika kuposa nyumba, ndipo mitengo imamera pamwamba pake. Chathu chinali ndi mtengo umodzi pansonga. Kumalo atsopanowo adiresi ndi imeneyo: mukaona chulu chakuti, mwafika.

Mkazi wanga sanabwerereko. Amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, ndipo Loweruka ndilo tsiku la malonda. Ndinkapita ndekha. Ndikabwera ankandifunsa kuti, "Atate ake, zili pati?" Ine ndinkati, "Zikuyenda." Sindine munthu wochuluka mawu.

Apongozi anga aakazi amakhala ku Katete. Pabwalo pawo pali mtengo wa mango umene anabzala malemu amuna awo. Mwana wa m'banjamo akamanga, mayiwo amafesa mbewu ya mtengo umenewo m'chigubu chodula, n'kupita kukabzala okha pakhomo pa mwanayo. Ana onse anali atalandira, kupatula mkazi wanga, amene ndiye woyamba kubadwa. Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso, monga mwa ulemu wakwathu. Choncho ankauza mwana wawo, koma mokweza ndithu kuti ine kuseri kwa chitseko ndimve: "Mtengo wa atate ako sindingaubzale pakhomo pa landilodi."

Maziko atakumbidwa, tinatumiza mawu. Anabwera pa basi, kudzera ku Lusaka, kamtengoko atakafungatira pamiyendo ulendo wonse. Kanali kamodzi kokha, kamasamba ofiirira. Usiku kankagona m'nyumba, m'mawa ankakatulutsa padzuwa. Tinapempha mkulu wa mpingo ndi amayi a chigawo chathu kuti Loweruka akapempherere mazikowo, monga timachitira. Lolemba apongozi ankabwerera kukakolola mtedza. Ine sabata yonseyo ndinkayenda ngati nsapato zanga zili ndi masipuling'i. Ndinaimba mluzu m'sitolo mpaka bwana anandifunsa ngati ndamwa.

Loweruka mkulu wa mpingo anali akuchokera ku Chifubu, ku Ndola, kumene anakagona kumaliro. Ine ndinapita kukawadikira pasiteshoni. Mkazi wanga, apongozi ndi amayi aja anachita haya minibasi n'kutsogola. Dalaivala anandiimbira foni kufunsa njira. Ndinamuuza mosakayika: "Tala akatha, pitirira. Ukaona chulu chokhala ndi mtengo pamwamba, tsitsa anthu."

Kuno munthu wokhala ndi chulu sagula njerwa. Amaitana oumba, iwo n'kumachigumula pang'onopang'ono, kuponda dothi, kuumba, kumanga uvuni n'kuwotcha. Ine ndinali nditawaitana kale. Ndinkachiona chulucho chikudyeka mbali imodzi, koma m'mutu mwanga chinali chikadali adiresi. Sabata imeneyo anachimaliza. Mtengo wa pamwamba uja unalowa mu uvuni ngati nkhuni. Komanso gireda inali itadula misewu yatsopano yofiira, yonse yofanana, kumene kale kunali udzu.

Ine ndi akulu aja tinatsika pamene tala wathera n'kuyenda pansi. Titafika tinapeza ngalande za maziko, mulu wa mchenga, diramu la madzi ndi uvuni ukadatuluka utsi. Chulu panalibe. Munthu panalibe.

"Anthu anu ali kuti?" anafunsa akuluwo.

Ndisanayankhe, mphepo inabweretsa nyimbo. Inkachokera kutsidya, misewu iwiri kuchokera pamene tinaima. Nditayang'ana ndinaona chulu china, chachitali, mtengo uli pansonga.

Tinathamangira komweko, akuluwo atagwira jekete m'manja. Patsinde pa chulucho panali nyumba yofika pa mawindo. Nyumba yake! Zipilala kutsogolo, garaja ya magalimoto awiri, zipinda zoti munthu n'kusochera. M'chipinda chochezera, chopanda denga, amayi a mpingo ankavina mozungulira, zitenje zili m'chiuno, fumbi la simenti lili koboo. Mmodzi ankaimba ng'oma pa ndowa ya omanga.

Mkazi wanga anandiona. Anabwera chothamanga, chinthu chimene sindinachione chibadwire mwana wathu woyamba. Nkhope yake inali ngati ya tsiku la ukwati.

"Atate ake! Inu! 'Zikuyenda, zikuyenda,' kani ndi zimenezi?" Ananditsina pamkono. "Kundibisira chaka chonse! Ndinkati mwina ndi kanyumba ka nkhunda."

"Amake ana, imani kaye..."

"Chipinda chathu ndachiona. Icho cha kumapeto ndi cha amayi akabwera. Koma zimbudzi zitatu n'zachiyani? Tili ndi matenda?"

Anabwerera kukavina ndisanapeze mawu. Pamenepo ndinaona apongozi. Anali kumbali, pakampata kakang'ono pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda, chifukwa nyumbayo inadzaza puloti yonse. Chigubu chodula chija chinali pambali, chopanda kanthu. Kamtengo kanali kale m'nthaka, atakathirira. Atandiona anagwada chapatali, anayang'ana pansi, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono kundithokoza. Zaka zonse za ukwati wanga anali asanachitepo zimenezo. Nanenso ndinanjuta n'kuwomba, pakuti sindikanachitira mwina.

"Auzeni," akulu a mpingo anandinong'oneza.

"Auzeni ndinu, akulu."

"Ine ndabwera kudzapemphera." Mapewa awo ankagwedezeka, atatseka pakamwa ndi kampango.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Amayi aja anaganiza kuti ndikuvina, ndipo nthungululu zinakwera.

Kenaka panaima galimoto ya bokosi kumbuyo, itanyamula matumba a simenti. Anatsika bambo wina wonenepa, Mbemba, makiyi akulira m'manja. Ndinamudziwa nthawi yomweyo. Anali kasitomala wathu, ndipo simenti imeneyo ndinamukwezera ndine dzulo lake.

"Mwapoleni, mukwai," anapereka moni wa Chibemba kwa gulu lonse, maso akuyendayenda. Kenaka anandiona. "Aa, ba simenti! Finshi ifi, n'chiyani chimenechi? Masiku ano mukagulitsa simenti mumaperekanso kwaya?"

Apongozi anali atadzuka. Anamuyesa kapitawo wa omanga. Anamukodola.

"Inu bambo, bwerani. Windo la chipinda changa mwalichepetsa. Ine ndimafuna mphepo. Mulikuze."

"Chipinda chanu, mayo?"

"Icho. Ndipo mapepala a simenti musamangotaya paliponse. Pano padzakhala anthu."

Bamboyo anayang'ana ine. Mkazi wanga anayang'ana ine. Ndowa inasiya kulira. Ndinaona kuti mawu amene ndakhala ndikusunga zaka zonsezi afunika lero.

"Nyumba ino si yathu," ndinatero. "Ndi ya bambo awa. Yathu ili uko, pakutuluka utsi apo."

Mayi mmodzi anamasula chitenje m'chiuno n'kuchipinda bwinobwino. Ndiye mwini nyumbayo anaphulika kuseka, mpaka anatsamira galimoto.

"Anthu akum'mawa! Mbewa zatha kwanu, mwabwera kudzakumba m'nyumba yanga?"

Ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana momasuka, iwo kutinena za kudya mbewa, ife kuwanena za kudya anyani, kumaliro ngakhale kuukwati, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Apongozi sanaphethire n'komwe.

"Tinaona chulu ndi mtengo, tinati pano pagona anyani. Tabwera kudzawapempherera musanawadye."

Amayi aja anagwa ndi phwete. Wina anakhala pansi pa silabu, wina analowa m'garaja kukasekera momwemo. Akulu a mpingo anasiya kubisa. Koma ine ndinkayang'ana mkazi wanga. Iye sankaseka. Anaima pakhomo pa chipinda chimene anali atachitcha chathu, dzanja lili pa khoma.

Apongozi anapita pakamtengo paja n'kugwada.

"Awe, mayo," anatero mwini nyumba. "Chobzalidwa m'dothi langa ndi changa. Mukachizula, mlandu wake ndi mbuzi."

"Mbemba kuba amayamba masana," anatero apongozi, akukumba ndi zala mozungulira, kutali ndi mizu. "Dothi lanu tibweza, musalire."

Anakatukula ndi chibuma chake chonse, manja awiri, ngati khanda. Ine ndinagwira chigubu. Muzu umodzi wokha ndiwo unatuluka kunja, ndipo anaubisa ndi chala.

Bamboyo anati popeza nyimbo zaimbidwa kale, pemphero lisapite pachabe. Akulu a mpingo anapempherera nyumba yake mwachidule, akulimbanabe ndi phwete. Kenaka anatsitsa simenti yake n'kutikweza tonse. Apongozi anakhala kutsogolo ndi mango awo. Ena tonse tinadzazana kumbuyo, amayi akuimba, oumba njerwa a m'mapuloti ena akutibayibitsa osadziwa kuti n'chiyani.

Titatsika pathu, nyimbo inazilala yokha. Munthu ukachoka m'nyumba ya zipilala, ngalande za zipinda zinayi zimaoneka ngati mabedi a repu. Amayi a mpingo anati, "Ndi pabwino, pali mphepo," monga timanenera tikaona mwana wosaoneka bwino.

Mkazi wanga anatsikira m'ngalande n'kuyamba kuyenda motsatira, nsapato zili m'manja. Ine ndinkamutsatira pamwamba.

"Khitchini ndi iti?"

"Iyo."

"Chathu?"

"Ichi. Windo lidzayang'ana kum'mawa."

Anaima m'menemo kanthawi. Kenaka anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga chulu chili kuti?"

Ndinaloza uvuni. "Ndi icho."

Anayang'ana uvuniwo, anayang'ana ine.

"Mwawotcha adiresi," anatero. "Atate ake, mwawotcha adiresi, kenaka mwatuma anthu kuti akaifune!"

Anaseka mpaka anakhala pa mulu wa mchenga, misozi ikutsika. Ankati akandiyang'ana n'kuyambiranso. Nanenso ndinaseka, mwina mokweza kuposa mmene anthu a mpingo anandimverapo.

Apongozi sanayang'ane ngalande n'komwe. Anali akuzungulira puloti ndi chigubu chawo, akuponda nthaka ndi chidendene. Pamene panali chulu anapakana, anati m'pouma. Anafika kutsogolo, pamene padzakhala bwalo, anayang'ana kumwamba, anayang'ana mbali zonse. Ndiye anaitana mwana wawo, ndi mawu aja omveka kuseri kwa chitseko.

"Kuja kunalibe poti mtengo n'kupumira. Mizu ikanadzathyola nyumba ya eni. Uza amuna ako andikumbire apa."

Ana awo ena onse dzenje ankakumba okha mayiwo. Ndinabwereka khasu la oumba njerwa n'kukumba, nditavala nsapato za kutchalitchi. Mbemba uja anaima pambali akulangiza kuti ndikumbe mozama, mwina ndipeza mbewa za ndiwo. Apongozi anaika kamtengoko, anakwirira, anatsendera ndi zikhatho. Mkazi wanga anatunga madzi m'diramu. Akulu a mpingo anavula chipewa, ndipo ulendo uno anapemphera motalika, mpaka utsi wa uvuni unayamba kutitsokomoletsa.

Kamtengoko kanafota masiku angapo. Ndinkapitako ndikaweruka, ndi botolo la madzi, ndipo ndikabwera mkazi wanga ankandidikira pakhomo. Nditati "Zikuyenda," anati mawu amenewo m'nyumba muno analetsedwa. Ndinayenera kunena masamba angati aimirira, ndi mtundu wake.

Tsopano tikukhala momwemo. Njerwa za chulu chija ndizo makoma, ndipo pulasitala tinachita mkati mokha. Tchire lonse lija ndi nyumba, tala anafika, chulu sichioneka ngakhale chimodzi. Mlendo akafunsa njira timamuuza za mango. Mtengowo unayamba kubala, ndipo nyengo yake ikafika Mbemba uja amaimika galimoto pageti ndi thumba, akuti mtengowo unayamba wakhala kwake. Apongozi akakhalapo amamusankhira okha, aja ogwa pansi.