Kochi wa pakanema

Matipate itangoyamba kumene, sekondale yathu yoyendera ya ku Mvera idalandira mpira wa basiketi ndi zitsulo zake ziwiri, ahedi n'kuloza ine kuti ndikhale kochi. Chifukwa chake ndinali wamtali, basi. Mpirawo ndinali ndisanaugwirepo, koma kufunsa odziwa ndidakuona ngati kudzitsitsa. Paja safunsa adadya phula.

Mnzanga wophunzitsa masamu anali ndi kamakina ka magemu kolumikiza ku TV, kotumizidwa ndi mlamu wake wa kunja, ndipo munali gemu ya basiketi ya matimu a m'makoleji. Loweruka masana ndinkakhala kwawoko, TV ikudya batire ya galimoto, ine n'kumaphunzitsa tianthu ta pakanema. Kamunthu kakamatopa msanga, unkangokawonjezera zothamanga, mzere wa mphamvu zake n'kutalika. Lolemba ndinkafika pabwalo wezulo ili m'khosi, ndikudzimva.

M'timu yanga munali mnyamata wa Fomu 3, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya kuseri kwa phiri. Dzanja lake silinkaphonya, koma ankatopa msanga. Mankhwala ndinali nawo kale: tikaweruka, anzake akuponya mpira, iye azithamanga chitunda cha kumishoni kasanu. Akabwera ali wefuwefu ndinkamuseka kuti ali ndi mapapo a nkhuku.

Sabata yachitatu adayamba kujomba. Kenako kudabwera bambo ake, chipewa chili m'manja, zala zili bii ndi utomoni wa fodya. Mpando adaukana.

"Aphunzitsi, ngati mwanayu walakwa, m'kwapuleni, ife sitidandaula. Koma miyendoyo bwenzi mutatisiyirako. Amadzuka nayo kukathyola fodya, ndiye n'kuyenda nayo maola awiri kudzafika kuno. Tsopano m'mawa ikumakana, kumunda osapita. Abwana ati wosagwira ntchito asagone pa esiteti pawo."

Manyazi adandigwira. Masiku onsewo sindidamufunsepo mwanayo kuti amadzuka nthawi yanji, kapena kuti wadya. Ndidawauza kuti zothamangazo zatha lero lomwe, mpirawo ausiye ngati akufuna, koma m'kalasi abwere mawa.

Bamboyo adawomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu.

"Zikomo, aphunzitsi. Mukadatero sabata yatha. Dzulo ndakamulembetsa kwa akapitawo a pa esiteti, wapatsidwa mizere yakeyake ya fodya."